Tsiku limene anandiyeza mkodzo nditatsiriza mpikisano

Ndinali ndisanapeze mpweya bwino, manja ali m'mawondo, pamene mayi wina wa kakhadi kolendewera pakhosi anandiyandikira n'kutchula nambala ya pachifuwa panga. Panali pa Heroes Stadium ku Lusaka, Loweruka lina la mu July, kamphepo kozizira kaja kakuwomba, ndipo ndinali nditangotsiriza mamita 800 ndili wachiwiri. Anandionetsa chiphaso chake, n'kundiuza kuti ndasankhidwa kukapereka mkodzo kuti aone ngati m'thupi mwanga mulibe mankhwala oletsedwa pa masewera. Ndinayamba kuthamanga ndili kusekondale ku Matero, koma aka kanali koyamba. Anzanga ambiri amene timaphunzira nawo kuthamanga nkhaniyi amangoimva m'mphekesera, ndipo ine mphekeserazo ndi zimene zinandiopsa kuposa kuyezedwako.

Choyamba ndi pepala lokudziwitsa. Mayiyo anandifotokozera ufulu wanga ndi udindo wanga, analemba nthawi, ine n'kusaina. Kusaina kumeneku sikuvomera mlandu ayi, n'kungotsimikiza kuti wauzidwa. Mlandu ndi kukana kapena kuzemba, ndipo chilango chake chimafika zaka 4 osachita masewera, mofanana ndi munthu amene wapezeka ndi mankhwala okulitsa minofu otchedwa steroid. Kuyambira pomwepo mayiyu, amene amamutcha chaperone, sanandichotsenso diso. Kuchimbudzi sungapite, kusamba sungasambe. Ndinapempha kuti ndiyambe ndathamanga pang'onopang'ono kuti thupi lizizire, kenako ndikatenge chitupa changa cha NRC m'chikwama ndi kuitana kochi wanga. Zonse analola, koma akunditsatira pambuyo. Malamulo amalola kuchedwa pa zifukwa zotere, monganso kulandira mendulo, kuyankhula ndi atolankhani kapena kuonana ndi dokotala.

"Ba kochi, andisankha," ndinatero mawu akunjenjemera.

"Usaope mwana wanga, tipita tonse. Inhaler yako ili kuti? Itenge pamodzi ndi bokosi lake."

Wothamanga aliyense ali ndi ufulu wolowa ndi munthu womuimira. Musalowe nokha ngati pali amene angakuperekezeni. Mutu umakhala utaima, ndipo maso a munthu wachiwiri amaona zimene iwe sungaone.

Ine ndimadwala mphumu kuyambira ndili mwana, ndiye nyengo yozizira ndi fumbi la Lusaka sizindichitira chifundo. Inhaler yanga ndi ya salbutamol. Imeneyi ndi yololedwa popanda chilolezo chapadera bola usapitirire mlingo: ma microgram 1600 pa maola 24, komanso osaposa 600 pa maola 8. Kupopa kamodzi pa inhaler yanga ndi 100, kutanthauza kuti kupopa kasanu ndi kamodzi pa maola 8 ndiye malire. Izi ndinkazidziwa. Chimene chinkandidya mumtima tikuyenda kupita kuchipinda choyezera chinali botolo la ambuya anga. Atamva kuti chifuwa chandivuta, anatumiza mankhwala azitsamba kuchokera ku Katete, ndipo ndinamwa masiku anayi sabata yomweyo. Sindinadziwe kuti munali mizu yanji. Kochi sindinawauze.

Lamulo lalikulu pa nkhaniyi ndi lakuti chilichonse chopezeka m'thupi mwako, mwini wake ndiwe. Sayamba afunsa ngati unadziwa kapena ngati unafuna kubera. Kaya anakupatsa ndi dokotala, kochi, kapena ambuya ako okukonda, mlandu wakhazikika basi mankhwalawo akangopezeka. Zoti sunadziwe zingachepetse chilango, komatu umboni wake uyenera kubwera nawo ndiwe. Poyamba ndinkaona ngati ndi nkhanza. Pano ndimamvetsa kuti popanda lamuloli wobera aliyense akanangoti anamuthirira m'chakumwa. Komabe limalemera kwambiri pa ife amene tilibe dokotala wa timu woti tizimufunsa tsiku ndi tsiku, ife ogula mankhwala pa kantemba.

Kuchipinda choyezera kunali tebulo, mipando ndi mabotolo a madzi osatsegula. Anandilembetsa nthawi yofikira, mkulu woyendetsa ntchitoyi, amene amamutcha DCO, anaona NRC yanga, kenako kudikira kunayamba. Munthu ukathamanga thupi limauma, mkodzo subwera wamba. Madzi umasankha wekha botolo, umaona ngati ndi lomata bwino, ndipo ukatsegula usalisiye pamene sukuliona. Kochi anandiletsa kumwa mothamanga. Ukamwa kwambiri mkodzo umasungunuka, ndiye amaukana kuti ndi wamadzimadzi, n'kuyambanso kudikira wina. Ndinakhala pamenepo kupitirira ola lathunthu.

Nditamva kuti ndakonzeka, anandionetsa makapu apulasitiki okutidwa m'mapepala omata kuti ndisankhe limodzi. Umasankha wekha, umaona ngati pepala silinang'ambike, ndipo kuyambira pamenepo wogwira kapuyo ndiwe wekha. Ndinasamba m'manja ndi madzi okha, opanda sopo. Kenako tinalowa kuchimbudzi ndi mayi uja. Apa kochi salowa, ndipo wokuyang'anira ayenera kukhala mkazi ngati ndiwe mkazi, mwamuna ngati ndiwe mwamuna.

Apa ndiye pamene anthu amachita napo manyazi kufotokoza, koma ndi bwino mudziwiretu. Malaya umakweza mpaka pachifuwa, kabudula umatsitsa mpaka m'mawondo, manja a malaya umapinda, ndipo mayiyo amaona ndi maso ake mkodzo ukutuluka m'thupi mwako kulowa m'kapu. Ife tinaleredwa kuti thupi sulionetsa kwa mlendo, ndiye zinandivuta kwambiri. Thupi linangoti gwa, osatulutsa kanthu. Mayiyo anatsegula mpopi kuti madzi azimveka, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Musafulumire ba sisi, nthawi ilipo." Chifukwa choyang'anira chonchi n'chakuti ena anagwidwapo atabisa mkodzo wa munthu wina m'kathumba ndi kapaipi pansi pa zovala.

Pamafunika mamililita 90. Ine ulendo woyamba anangokwana 55. Si mlandu. Anandisankhitsa chomatira chapadera, ndinatseka mkodzo wochepawo, nambala yake inalembedwa pa fomu, ndipo ndinabwerera pampando. Patapita mphindi ngati 40 ndinapitanso ndi kapu yatsopano. Nditabwera tinaona kaye ngati chomatira chija sichinakhudzidwe, ndinatsegula ndekha, n'kuphatikiza mpaka mlingo unakwana.

Kenako anandiikira mabokosi angapo kuti ndisankhe limodzi. M'bokosi mumakhala mabotolo awiri, A ndi B. Apa kochi anayandikira, chala chawo chikuloza koma osakhudza. "Werenga nambala mokweza, pa botolo, pa chivindikiro ndi pa bokosi. Zonse zifanane." Ndinawerenga kawiri. Umayamba kuthira mu B, osachepera mamililita 30, kenako mu A, osachepera 60, n'kusiya timadontho m'kapu. Zivindikiro zake umapotokola mpaka kulira kwa tche tche tche kutasiya, ndipo zikatero sizitsegukanso ndi manja. Ndinazondotsa mabotolo onse awiri kuona ngati sakudontha. Timadontho totsala tija ndi timene DCO anayeza pa kachipangizo kakang'ono kuona ngati mkodzo ndi wokhuthala mokwanira. Pa mlingo ngati wanga pamafunika 1.005 kapena kuposa. Wanga unadutsa.

Tinafika pa fomu yaikulu, pamene pali funso la mankhwala ndi zowonjezera mphamvu zonse zimene wamwa m'masiku 7 apitawo. Ndinalemba inhaler ndi kuchuluka kwa kupopa, ndinalemba Panadol ndi mapiritsi owonjezera magazi. Cholembera chinaima. Kochi anandiyang'ana. "Pali china?" Ndinawauza za botolo la ambuya, maso ali pansi. Sanakalipe. Anangopuma mozama n'kunena kuti, "Lemba. Lemba tsiku limene unayamba ndi limene unasiya." Ndinalemba kuti mankhwala azitsamba a chifuwa, masiku anayi. Kulemba sikukuchotsera mlandu ngati chinachake chapezeka, koma ndi umboni wakuti sunabise, ndipo pa nthawi yoweruza zimenezi zimawerengedwa. Amene amakumbukira mankhwala kalata yonena kuti chinachake chapezeka itabwera kale, sakhulupiriridwa msanga.

Pa fomu palinso malo olembapo ngati pali chimene sichinakusangalatse pa mmene ntchito yayendera. Ngati pali chimene mwaona, lembani pomwepo, osati mawa. Ndinawerenga fomu yonse, ndinafananitsanso nambala ya mabotolo, kochi anasaina, DCO anasaina, ine ndinasaina pomaliza ndipo anandipatsa kope langa. Pepala lopita ku labotale silikhala ndi dzina, limangokhala ndi nambala. Muno mu Zambia mulibe labotale yovomerezedwa ndi WADA, bungwe la dziko lonse lolimbana ndi mankhwala oletsedwa pa masewera, choncho mabotolo amatumizidwa kunja. Pamene tinkatuluka dzuwa linali litalowa, mabasi a ku Matero atayamba kuchepa.

M'basimo ndinafunsa kochi kuti malamulo onsewa amachokera kuti, ndipo amandimanga bwanji ine amene sindinatulukepo m'dziko. WADA inakhazikitsidwa mu 1999, likulu lake lili ku Montreal. Malamulo ake anayamba kugwira ntchito mu 2004, ndipo anakonzedwanso mu 2009, 2015 ndi 2021. Maboma anadzimanga kudzera m'pangano la UNESCO la 2005, ndipo Zambia ili m'panganolo. Ife othamanga timamangidwa kudzera m'bungwe lathu: ukalembetsa ndi kulowa mpikisano wa Zambia Athletics, walowa pansi pa malamulo a World Athletics, amene anavomereza malamulo a WADA. M'chigawo chathu chino muli ofesi ku Gaborone yothandiza mayiko pa kuyeza ndi kuphunzitsa. Mndandanda wa zoletsedwa umasintha chaka chilichonse pa 1 January, ndipo chimene chinali chololedwa chaka chatha chingakhale choletsedwa lero. Tramadol, amene anyamata ambiri amamwa akamva kupweteka, analetsedwa pa mpikisano kuyambira 2024.

Ndikakumbukira, ngozi yeniyeni ndinaiphonya miyezi iwiri tsikuli lisanafike. Inhaler inali itatha, ndalama zili zochepa, ndipo wogulitsa mankhwala pa sitolo ina m'komboni mwathu anandipatsa mapiritsi a salbutamol. Anati ndi mankhwala omwewo, otchipa. Dzina ndi lomwelodi, koma mapiritsi ndi manyuchi a salbutamol ndi oletsedwa nthawi zonse, pa mpikisano ngakhale kunja kwa mpikisano. Yopopa yokha ndiyo yololedwa. Ndinaimbira kochi ndili pa kauntala pomwepo, ndipo anati ndiwabweze. Misampha yotere ndi yambiri. Mankhwala ena a chimfine ali ndi pseudoephedrine, amene uyenera kusiya maola osachepera 24 usanapikisane. Prednisolone, amene amatipatsa mphumu ikakula, ndi woletsedwa pa mpikisano. Mapiritsi ena a BP otulutsa madzi m'thupi ndi oletsedwa nthawi zonse chifukwa amabisa mankhwala ena. Dripu yoposa mamililita 100 pa maola 12 ndi yoletsedwa kupatula ngati ukulandira chithandizo m'chipatala. Chamba nachonso n'choletsedwa pa mpikisano. Ngati matenda ako akufunikadi mankhwala oletsedwa, pali chilolezo chotchedwa TUE chimene umapempha ndi makalata a dokotala, ndipo ndi bwino kupempha kutatsala masiku 30 kuti upikisane.

Masabata otsatira tulo sindinatione bwino. Labotale imayenera kutulutsa zotsatira m'masiku 20 kuchokera pamene yalandira mabotolo, ndipo ngati zili bwino nthawi zambiri palibe amene amakuimbira. Ndinawerenga zimene zikanachitika botolo A likanapezeka ndi kanthu. Ukalandira kalata, uli ndi ufulu wopempha kuti B atsegulidwe, iwe kapena wokuimira akuona. Uli ndi ufulu wofotokoza mbali yako pamaso pa oweruza osakondera, komanso wochita apilo. Kwa othamanga a mipikisano ya mayiko, apiloyo imapita ku khoti la zamasewera ku Lausanne. Ukagonja pa mlanduwo, zotsatira za mpikisanowo zimafufutidwa, mendulo ndi mphoto umabweza, ndipo pa nthawi ya chilango sungapikisane m'masewera alionse amene ali pansi pa malamulowa, ngakhale kuphunzira ndi kilabu yako mpaka chakumapeto kwa chilangocho. Kwa wothamanga wa zaka 23 ngati ine, zaka 4 ndi pafupifupi ntchito yonse.

Botolo la ambuya ndinalisunga mufiriji ya anansi athu ndi mankhwala otsalamo, monga kochi anandiuzira, kuti likhale umboni ngati pangafunike. Kalata sinabwere. Patapita miyezi iwiri kochi anafunsa ku bungwe, ndipo anawauza kuti palibe chimene chinapezeka. Mabotolo angasungidwe mpaka zaka 10 ndi kuyezedwanso, choncho kope la fomu lija ndinaliika m'pepala lapulasitiki pamodzi ndi satifiketi yanga ya giredi 12. Ndinagulanso kabuku kakang'ono kamene ndimalembamo chilichonse chimene ndamwa, tsiku lake ndi amene wandipatsa, ndipo bokosi lililonse la mankhwala ndimalijambula pa foni ndisanatsegule.

Chovuta chinali kuuza ambuya. Ndinawaimbira Lamlungu titachoka kutchalitchi. "Ambuya, mankhwala anu anandithandiza, koma pa ntchito yangayi sindiloledwa kumwa chimene sindikudziwa dzina lake. Akachipeza andiletsa kuthamanga." Anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa ngati mtedza nawonso ndi woletsedwa. Ndinati ayi. Mwezi wotsatira basi ya ku Chipata inandibweretsera kathumba ka mtedza wosenda ndi ufa wa mgaiwa.