Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Chaka chomwe atelala tinachuluka

M'gawo lapitalo ndinasiyira pomwe ndinamaliza kubweza ngongole ya makina anga osokera. Ndinkayesa ndapuma. Sipanathe miyezi iwiri, pa 11 Marichi 2020, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti Covid-19 ndi mliri wa dziko lonse.

Sukulu zitatsekedwa, mayunifolomu anaima. Maukwati nawo anaimitsidwa, ndipo madiresi atatu omwe ndinali nditadula kale anangolendewera pahang'ala mpaka kuchita fumbi. Eni ake sanakane kulipira, ankangoti tidikire zinthu zikhale bwino. Telala alibe malipiro a pamwezi, alibe penshoni, akadwala palibe womulipira. Phazi likasiya kupalasa makina, m'thumba mwauma tsiku lomwelo.

Chomwe sindinayembekezere ndi ichi: makasitomala akuchepa, ife osoka tinkachuluka. Ochotsedwa ntchito m'makampani sakhala pakhomo, amabwera kuno komwe kulibe geti kapena wofunsa satifiketi. Pafupi nane panakhala bambo wina amene anachotsedwa kufakitale ya zovala maoda atatha. Makina ake anagula ndi ndalama zomwe anamupatsa pomuchotsa. Msoko wake unali wowongoka kuposa wanga, ndisaname, koma kuika zipi ankatchaja theka la mtengo wathu.

Tsiku lina ndinalephera kupirira. “Bambo, mukutiphera msika.”

Sanadzutse n'komwe mutu, anangodula ulusi ndi mano. “Mayi, mwininyumba wandipatsa sabata imodzi.”

Ndinabwerera pampando wanga ndilibe choyankha, koma mkwiyo sunathe. Ndinatha mwezi wathunthu osawapatsa moni, zomwe ndimachita nazo manyazi mpaka lero.

Wailesi ndiyo inandionetsa kuti sitinali tokha. Mu Epulo chaka chomwecho bungwe loona za ntchito la ILO linati mwa anthu pafupifupi 2 biliyoni odzilemba okha ntchito kapena ogwira maganyu padziko lonse, 1.6 biliyoni anali atakhudzidwa kwambiri, ndipo ndalama zomwe amapeza zinatsika ndi 60 peresenti m'mwezi woyamba wokha. Ku India boma linatseka dziko litangochenjeza kwa maola anayi, aganyu n'kuyenda wapansi makilomita mazanamazana kubwerera kwawo. Ndinamvera nkhaniyi ndikusula msoko wa thalauza, sizasi ili m'manja, n'kuzindikira kuti m'chiwerengerocho muli ine ndi bambo aja.

Mamasiki anatipumitsa pang'ono. Zidutswa za nsalu zomwe kale ndinkasesa zinasanduka ndalama, ndipo bambo aja ndiwo anandiphunzitsa kupinda masiki kuti ikhale bwino pamphuno. Moni unayambira pamenepo. Kenako lasitiki inasowa, mamasiki otchipa a kufakitale anadzaza paliponse, msika uja n'kufa.

Pofika Disembala ndinali nditagulitsa makina omwe ndinawavutikira zaka ziwiri aja. Za amene anawagula, ndi momwe ndinadzakhalira wantchito wake, ndifotokoza m'gawo 10.