Dzanzi la m'manja lodzutsa usiku

Ngati mumadzuka usiku n'kumakutumula dzanja chifukwa cha dzanzi, onani zala zimene zikuvuta. Matenda a carpal tunnel syndrome, omwe amabwera mtsempha wa m'dzanja ukapanikizika, amagwira chala chachikulu, chamkombaphala, chapakati ndi theka la chala chovala mphete. Kachala kakang'ono sikakhudzidwa. Kakachita nako dzanzi, dokotala amafufuzanso pachigongono kapena m'khosi.

Pamene timamanga wotchi pali kanjira kopapatiza, momwe mumadutsa mtsempha wa median, umene umathandiza zalazi kumva kukhudza, pamodzi ndi minyewa 9 yopinda zala. M'kanjiramo mukangotupa, mtsemphawo umapanikizika. Zimakonda kuchitika kwa amayi oyembekezera, odwala shuga, nyamakazi kapena chithokomiro chofooka, onenepa kwambiri, ndi amene anathyokapo pamenepo. Makina onjenjemera, monga gulayinda, amawonjezera vutoli. Anthu amathamangira kunamizira kompyuta, koma yezetsani kaye shuga.

Kuchipatala amakupinditsani dzanja kwa masekondi 60, kapena kugogoda pamtsemphapo. Dzanzi likabwera, kapena mukamva ngati shoko m'zala, amakayikira matendawa, ndipo amatsimikiza poyeza liwiro la mtsempha ndi makina amagetsi.

Mnofu wa patsinde pa chala chachikulu ukayamba kuphwa, kapu n'kumapulumuka m'manja, musazengereze, mtsempha wayamba kuwonongeka.