Kompyuta sipuma, woimba lipenga amapuma

Kuno ku Chipata makwaya ndi osawerengeka, mabandi a malipenga m'matchalitchi aliponso, ndipo kiyibodi mungaipeze paukwati uliwonse. Koma okestra yathunthu, ya mavayolini, ma cello (mavayolini aakulu a mawu a kumunsi), zitoliro ndi timpani (ng'oma zikuluzikulu zochunidwa), ine ndimangoimvera pafoni. Ntchito yanga ndi yophunzitsa masamu. Nyimbo ndinaphunzirira m'kwaya, pa do re mi yolembedwa ndi choko pabolodi, ndipo manotsi a pamizere isanu ndinadziphunzitsa ndili wamkulu kale. Ngakhale zili choncho, mtima wanga unakakamira kulemba chuni cha okestra, ndipo ndinachilemba pa MuseScore, pulogalamu yaulere ija, usiku magetsi akakhalapo.

Chunicho n'chachifupi, mphindi ngati ziwiri, m'kiyi ya D minor. Chinabadwira ku Mtenguleni pa Nc'wala, mwambo wa Angoni. Amene munafikako m'mwezi wa February mukudziwa mmene nthaka imagwedezekera amuna akamaponda pansi onse pamodzi, amayi akuomba m'manja chapambali. Kuponda kumeneko ndinakupereka kwa timpani ndi ma double bass, mavayolini aakulu kuposa onse. Pamwamba pake malipenga otchedwa ma horn amayambitsa chuni changachanga, chitoliro chimachibwereza, kenako onse amalowa.

Nditamaliza ndinatumizira anzanga pa WhatsApp. Ambiri anayankha kuti ndi yokoma, ikumveka ngati ya m'filimu. Ndinasangalala, ndipo ndikuwathokoza mochokera pansi pa mtima. Koma mawu amenewo sangakuuze choti usinthe pa bar 20 (ma bar ndi tizigawo tating'ono timene nyimbo yolembedwa imagawidwamo).

Amene anandithandiza koyamba ndi mkulu wina wa ku Kapata, amene anaimba lipenga m'bandi ya asilikali mpaka kupuma pantchito. Nditatulutsa foni kuti amve, anakana. Anati ndikasindikize kaye papepala. Nditabwera nalo anavala magalasi, n'kuyamba kutsatira mzere wa trumpet ndi chala, milomo ikugwedera pang'onopang'ono. Atafika chapakati anaima, nandiyang'ana.

"Aphunzitsi, mwana wa eni akeyu apumira pati?"

Mzerewo unali ndi manotsi okwera, otalika, otsatizana popanda mpata ngakhale umodzi. Pakompyuta umamveka mwaulemerero, chifukwa kompyuta ilibe mapapo ndipo ilibe milomo. Anandifotokozera kuti vuto si mpweya wokha ayi. Woimba lipenga amatulutsa mawu ponjenjemeretsa milomo yake, ndipo notsi ikakwera milomo imakungika kwambiri. Ukamusunga pamwambapo nthawi yaitali milomo imatopa, ndiye pofika pachimake pa nyimbo, pamene ukumufuna kwambiri, mawu amasweka. Anandiuza kuti ndiwapumitse ma trumpet pachiyambi ponse, ndiwasungire kumapeto. "Mukawaitana mochedwa, bambo, anthu adzadziwa kuti afika."

Anaonanso china chimene makutu anga sakanachigwira. Pamene chitoliro chimabwereza chuni, ndinachiika m'munsi mwenimweni, pafupi ndi C wapakati wa pakiyibodi, ma trombone atatu akugwira makodi (manotsi angapo olira pamodzi) kumbuyo kwake. Kumeneko chitoliro chimakhala ndi mawu ofewa, okoma ndithu, koma opanda mphamvu. Pakompyuta zonse zimamveka chifukwa makina amalinganiza kukula kwa mawu. M'holo yeniyeni trombone imodzi yokha ikhoza kumeza chitolirocho, omvera n'kumangoona munthu akuuzira popanda kumva kanthu. Njira anandipatsa ziwiri: kukweza chitoliro ndi octave imodzi (kuchoka pa do kufika pa do wapamwamba), kapena kuchisiya pomwepo n'kuchotsa ma trombone, zingwe zokha zizimuperekeza motsitsa. Ndinasankha yachiwiriyo, chifukwa kufewa kuja ndi kumene ndinkafuna pamalopo.

Wachiwiri ndi amayi amene amatsogolera kwaya yathu. Iwo manotsi a pamizere sawerenga, koma khutu lawo ndimaliopa. Anamvetsera atatsinzina, kenako anati, "Achimwene, mabesi anu akudyana." Pa ma cello, ma bassoon ndi ma trombone ndinali nditapanikiza manotsi a kodi moyandikana kwambiri kumunsi, monga mmene dzanja lamanzere limagwirira pakiyibodi. Apa masamu anga anandithandiza kumvetsa zimene amayiwa anamva. Notsi iliyonse imanyamula manotsi ena obisika pamwamba pake, amene kunjenjemera kwawo kumachuluka kawiri, katatu, kanayi, kasanu kuposa kwa yoyambayo. Mpata woyamba ndi octave, wotsatira ndi fifth (do mpaka so), kenako fourth (so mpaka do), kenako third (do mpaka mi). Kumunsi mipata ndi yotakata, kumwamba imanka ichepa. Ukaika third pansi penipeni, manotsi obisikawo amagundana ndipo mawu amachita chimbuuzi. Nditatalikitsa manotsi a kumunsi n'kusamutsira third kwa ma viola (mavayolini okulirapo pang'ono) ndi ma clarinet, kodi yomweyo inayera.

Koma mawu awo amene andikhalitsa pansi ndi ena. Anafunsa kuti, "Nanga wotsogolera ndani, ovomera ndani? Onsetu akuimba nthawi imodzi." Ananena zoona zokhazokha. Munthu ukaona mizere yambiri yopanda kanthu pakompyuta, umamva ngati ukuwononga anthu powasiya chete, ndiye umadzaza ponseponse. Komatu pachimtali kapena pamaliro, nyimbo imakhala ndi moyo chifukwa mmodzi amaponya, gulu n'kulandira. Ndinabwerera kuchigawo chapakati ndi maganizo amenewo. Tsopano oboe imodzi imaponya, zingwe zonse zimavomera, malipenga ali phee kudikira nthawi yawo. Ndi chigawo chimene ndimachikonda koposa panopa, ndipo ndi chimene chili ndi manotsi ochepa kuposa zonse.

Wachitatu ndi mnzanga wa ku Lusaka amene anaphunzira nyimbo ku Evelyn Hone College. Iye ananditumizira ndemanga zake bar ndi bar, ndipo zambiri ndinazilandira msangamsanga. Vayolini siitsika kupyola G wa pansi pa C wapakati, choncho manotsi awiri ndinawapereka kwa viola. Horn ya mu F imamveka fifth imodzi pansi pa zimene zalembedwa, clarinet ya mu B flat imamveka toni imodzi pansi, ndiye posindikiza mapepala a oimba ndiyenera kuonetsetsa kuti aliyense walandira zake zosinthidwa bwino. Woimba timpani amafunika nthawi yoti achune ng'oma zake ndi phazi nyimbo ikamasintha kiyi. Zonsezi ndi mphatso, ndipo ndekha sindikanazipeza msanga.

Pali chimodzi chimene takanirana. Pamene ma horn akuyambitsa chuni, mawu awiri amayenda limodzi motalikirana fourth, kukwera pamodzi, kutsika pamodzi, ndipo penapake amasanduka ma fifth otsatizana. Iye akuti m'malamulo a harmony amene amaphunzitsidwa m'kalasi ma fifth otero ndi oletsedwa, chifukwa mawu awiriwo amataya ufulu wawo n'kumamveka ngati amodzi. Chifukwa chake ndachimva, ndipo pa nyimbo ya mawu anayi ya m'tchalitchi ndimachitsatira. Koma apa ayi. Agogo anga aakazi a ku Petauke ndi anzawo ankaimba motero posinja, ndipo kumveka ngati mawu amodzi onenepa ndi kumene ndikufuna. Ndikawakonza kuti akhale ma third, chunicho chimakoma ndithu, koma chimaleka kukhala cha kwathu. Ndamuuza kuti pamenepo ndasiya dala. Iye wayankha kuti ngati ndi dala, ndichite poyera, ndibwerezenso kumapeto ndi okestra yonse kuti womvera asaganize kuti ndinaphonya. Malangizo amenewo ndawatenga, ndipo mapeto atsopano ndi amphamvu kuposa akale.

Mkulu wa ku Kapata uja walonjeza kuti anyamata a bandi ya kutchalitchi kwawo adzayesa chigawo cha malipenga, cornet m'malo mwa trumpet, euphonium m'malo mwa horn. Kadzakhala koyamba kumva manotsi anga akutuluka m'kamwa mwa anthu.

Chimene chatsala ndi kuomba m'manja kwa amayi kuja. Panopa ndakupereka kwa mavayolini, akudzula zingwe ndi chala, koma kukumveka kwaulemu kwambiri poyerekeza ndi kwa ku Mtenguleni. Ndikuganiza zolemba kuti oimba zitoliro aike zida zawo pamiyendo n'kuomba m'manja zenizeni kwa ma bar asanu ndi atatu. Ngati mwa inu muli amene amaimba viola kapena cello, ku Lusaka, ku Lilongwe kapena kulikonse, ndikupemphani muone mizere yanu kuyambira bar 25 mpaka 40, mundiuze ngati zala zingafikepo pa liwiro limenelo, ndiponso ngati mungalole anzanu akumbuyo kuomba m'manja inu mukuimba.