Agogo a m'sewero langa anakana kulankhula mpaka Lachinayi

Ntchito yanga ndi kulemba masewero a pa wailesi kuno ku Ulongwé, m'dziko la Mozambique. Ndimalemba m'kope, tambala woyamba akangolira, ana asanayambe phokoso. Kompyuta ndimaikhudza pomaliza.

Lolemba nkhani inalipo kale m'mutu: agogo ena anathawira ku Dedza mu 1986 nkhondo itavuta, abwerera kwawo ku Dómuè mu 1993, chaka chotsatira mgwirizano wa mtendere wa ku Roma, n'kupeza amfumu anagawira munda wawo munthu wina. Mathero sindinkawadziwa. Mnzanga wina wa ku Tete salemba chiganizo choyamba asanakonze gawo lililonse mpaka kumapeto. Ine ndikatero nkhani imandifera m'manja.

Lachiwiri ndinalemba masamba anayi a bwalo la milandu, madzulo n'kuwerengera mayi akunyumba akusenda kachewere. Anamvetsera osadula, kenako anati, "Inu bambo, agogo amenewa ndi a kuno kapena ndi mlembi wa ku boma?"

Zinandiwawa chifukwa sananame. Ife sukulu tinaphunzira m'Chipwitikizi, ndiye cholembera chikangofika m'manja, Chipwitikizicho chimadzuka. Mawu amakhala Achichewa koma kayendedwe kake n'ka kalata yopempha ntchito. Agogo anga ankafotokoza malire, zaka, ufulu wawo, zonse mwandondomeko ngati akuwerenga chikalata. Ndani analankhulapo choncho pabwalo, atakhala pansi miyendo atatambasula?

Lachitatu palibe chimene ndinachita. Ndinang'amba masamba awiri, ndinamwa tiyi.

Lachinayi ndinakwera shapa, minibasi yakuno, kupita ku Calómuè, kumalire. Pambali panga panakhala agogo ena atanyamula thumba la nyemba pamiyendo. Kondakitala anati awonjezere ndalama ya katundu. Agogowo sanakweze mawu, ngakhale kumuyang'ana. Anangoti, "Mwanangu, thumbali lakhala pamiyendo yanga, ndipo miyendoyo ndalipirira kale." Galimoto yonse kuseka! Mnyamata uja anangokanda m'mutu n'kutembenukira kuzenera. Ine ndinalemba mawuwo padzanja, poti kope ndinaliiwala.

Nditafika kunyumba ndinafafaniza zonena zonse za agogo anga. M'malo mwake amfumu amalankhula nthawi yaitali, wolanda munda amalumbira, anthu amang'ung'udza, agogo ali phee. Atafunsidwa kachitatu, amawomba m'manja n'kunena kuti, "Zikomo amfumu. Pamundapo pali mtengo wa mapichesi. Mukaufunse kuti anaubzala ndani." Masamba anayi aja anasanduka mizere itatu.

Lachisanu tinajambula. Magetsi anathima kawiri, ndipo amene amasewera amfumu anachedwa chifukwa cha maliro. Pa wailesi kukhala chete n'kovuta, omvera amaganiza kuti mabatire atha, choncho tinaika nkhuku ndi mwana wolira chapatali kuti kusalankhula kwa agogo kumveke. Mayi amene amasewera agogowo anachotsanso mawu anga ena, akuti munthu wamkulu sauza mfumu kuti "mukaufunse", amati "ukafunsidwe mtengowo". Ndinakana pang'ono, mwaulemu wa mlembi, kenako ndinakonza ndi cholembera chawo chomwe.

Lero Loweruka kope lili patebulo. Gawo lotsatira amfumu ayenera kugamula, ndipo munthu amene anapatsidwa mundayo nayenso wabzalamo mitengo yake. Zimene amfumu anene sindinazimvebe.