Zikomo amayi aja a ku Matero

Ndikuthokoza amayi awiri amene anabwera ku tchalitchi kwathu ku Matero pa 10 Sepitembala, tsiku lokumbutsa dziko lonse lapansi za kupewa kudzipha. Mayina anu ndinaiwala, mundikhululukire. Kunena zoona, ndinapitako chifukwa amayi abusa anandikoka.

Munatiuza kuti munthu akayamba kugawa katundu wake, kutsanzikana ndi anthu popanda ulendo, kapena kumangonena kuti "ndine mtolo kwa inu", tisamuseke. Timufunse mosazungulira ngati akuganiza zodzipha, chifukwa kufunsako sikumpatsa maganizowo. Ine ndinkakhulupirira kuti kutchula n'kuitana tsoka.

Mwezi wathawu mphwanga anandipatsa foni yake ndi jekete imene amaikonda kwambiri. Mtima unagunda. Ndinamufunsa monga munanenera, mawu akunjenjemera, ndipo analira. Usiku umenewo sitinamusiye yekha, tinachotsanso mankhwala m'nyumba. Ndinaimba 933, nambala yaulere ya bungwe lopereka uphungu la Lifeline, ndipo m'mawa tinapita naye ku chipatala cha matenda a maganizo cha Chainama.

Nanunso abambo a takisi amene munakana ndalama mutaona nkhope zathu, Mulungu akudalitseni. Mphwanga tsopano akudya bwino, ndipo dzulo wabwera kudzatenga jekete yake.