Mbiri ya moyo wanga, gawo 6: Pansi pa mimba ya sitima

Ndinalekezera pomwe zotsatira za mayeso a Fomu 4 zinatuluka, dzina langa osapezeka. Kuchokera pamenepo ndinangokhala pa Bembeke, m'mawa kudimba la kachewere, madzulo kuwothera moto nditavala chijasi cha malemu bambo. Mu Juni amalume anabwera kudzakhala nawo pa sadaka ya agogo, ndipo mwambo utatha anaitana amayi kuseri kwa nkhokwe.

"Achemwali, mwanayu mundipatse ndipite naye ku Monkey Bay. Akaphunzire kuwotcherera."

Amayi anakana kaye. Ife a kumapiri ndi madzi sitimvana, anatero, mwana amene sanasambirepo ngakhale padziwe mukamuika bwanji pa nyanja? Anakumbutsanso za Viphya, sitima imene inamira mu 1946 kumpoto kwa nyanja n'kupha anthu 145. Iwo anali asanabadwe, koma nkhaniyo ankaifotokoza ngati anaima pagombe. Amalume anaseka. "Kumene ndikupita nayeko sitima imakhala kunja kwa madzi. Akanyowa ndi thukuta basi."

Patapita masiku atatu tinakwera matola pa Masasa, ine ndi chikwama, amalume ndi theka la thumba la kachewere limene amayi anatumizira azakhali. Amene munatsikapo Khwekhwelere mukudziwa momwe makutu amatsekekera. Pa khona ina ndinaona chinthu chotuwa chitayala kutali, ndinayesa mitambo. Pofika pa Golomoti chijasi chija chinali chitasanduka chilango, ndipo m'malo mwa mapaini munali malambe okhaokha. Tikudutsa njanji amalume anandigwira phewa.

"Iwe, Ilala inadutsa pompano."

Ndinkayesa akundinamiza. Koma ndi zoona ndithu. Ilala inapangidwa ku Glasgow ndi kampani ya Yarrow mu 1949, anaibweretsa zidutswazidutswa pa nyanja ya mchere mpaka ku Beira, kenaka pa sitima ya pamtunda mpaka ku Chipoka. Njanji imeneyo ndi yomweyi ya pa Golomoti ndi Mtakataka. Ataiphatikiza inayamba kuyenda mu 1951. Mpaka lero anthu akamanena kuti Dedza ndi sitima n'zosiyana kutali, ndimawauza kuti sitima yotchuka kuposa zonse m'dziko muno inayamba yaponda boma lathu isanalawe madzi.

Chimene ndinkafunitsitsa kuona sichinali Ilala ayi. Amalume anali atandiuza kuti pafupi ndi pomwe amagwira ntchito pali asilikali a panyanja, ndipo mutu wanga unali utadzaza ndi zimasitima za m'makanema amene tinkaonera pa Dedza boma, zazitali ngati phiri, ndege zikutera pamwamba. M'mawa mwake anandilozera chapatali, chifukwa malo a asilikali sungofikapo. Kaboti kotuwa, kokocheza phee. Pambali pa Ilala, imene ndi yotalika mamita opitirira 50, kankaoneka ngati mwana wa ng'ombe. Ndinakhumudwa, ndipo sindinabise.

Ntchito yanga inali pa doko loyandama. Aka ndi kamene kanandizunguza mutu koposa. Ndi chibokosi chachitsulo chokhala ndi makoma awiri m'mbali, kutsogolo ndi kumbuyo kopanda kanthu. M'kati mwake muli matanki. Akafuna kukweza sitima amatsegula kuti madzi alowe m'matankimo, doko lonse n'kumira pang'onopang'ono mpaka kungotsala nsonga za makoma. Sitima imalowa pakati, anthu akukoka zingwe uku ndi uku kuti ikhale ndendende pamwamba pa mizati imene aikonzeratu pansi. Apa ndi pomwe akuluakulu ankakalipa kwambiri, chifukwa ikakhala mopendekeka ndiye kuti kulemera konse kwapita pamalo olakwika. Ikakhazikika amayatsa mapampu, madzi n'kumatuluka, doko n'kumadzuka litabereka sitima kumsana. Pakutha pa maola angapo umayenda wapansi pomwe m'mawa panali nsomba.

Anandipatsa kahamala ndi burashi ya waya. Tsiku lonse khosi chagada, kugogoda dzimbiri ndi penti yakale, zinyenyeswa zikugwera m'kamwa. Pansi pa sitima pamanunkha ndere ndi matope. Owotcherera ankabwera pambuyo pathu, kugogoda chitsulo n'kumvetsera, akapeza pomwe chapyapyala n'kulemba ndi choko.

Masana tinkadyera pomwepo pamthunzi wa mimba ya sitima, ndipo ndi pamenepo amalume anandifotokozera za nkhondo. Mu Ogasiti 1914, nkhondo yaikulu itangoyamba ku Ulaya, Angerezi anali ndi sitima yawo ya mfuti panyanja yomweyi yotchedwa Guendolen, Ajeremani nawo anali ndi yawo yotchedwa Hermann von Wissmann tsidya lija, dziko limene pano ndi Tanzania. Kaputeni Rhoades wa Guendolen atalandira uthenga anayamba kusaka sitima ya Ajeremaniyo, n'kukaipeza pa Sphinxhaven, pamene lero amati Liuli. Inali itakokeredwa kumtunda, akuikonza. Anaiwombera ili pomwepo. Kaputeni wa Chijeremani, amene anali mnzake wa Rhoades wakumowa, sankadziwa n'komwe kuti kuli nkhondo, moti anapalasa kaboti kudzafunsa ngati mnzakeyo waledzera, n'kugwidwa ukaidi. Imeneyo imawerengedwa kuti ndi nkhondo yoyamba ya pamadzi imene Angerezi anapambana pa nkhondo yonseyo, ndipo mfuti ya Guendolen, ya mtundu wa Hotchkiss, ilipobe ku Mangochi pafupi ndi nsanja ya wotchi.

Amalume sankasamala kwenikweni za Rhoades. Chisoni chawo chinali kwa amisiri amene ankakonza sitima ija. "Taganiza, iwe uli pansi apa ndi hamala yako, wina n'kuyamba kuponya zipolopolo. Sitima ikakhala pa doko ndi nkhuku yomangidwa miyendo." Ndiye ankati n'chifukwa chake asilikali sakhala kutali ndi doko, ndipo amisiri sayenera kugona pa ntchito.

Za kaboti kotuwa kaja anadzandiwongola maganizo ndi msilikali wina wa kwa Ganya ku Ntcheu, amene ankabwera kunyumba Lamlungu akamva kuti kwabwera kachewere wa kumudzi. Nditamuuza kuti boti lawo ndi laling'ono, sanakwiye.

"Aphwanga, mukufuna tikamenyane ndi ndani? Ifetu timathamangitsa ozembetsa katundu, timasaka asodzi amene mwera wawatembenuza. Zimenezo ukachite ndi chimsitima chofuna theka la ola kuti chitembenuke?"

Boti lalikulupo, la mamita 21, linapangidwa ku France, ndipo poyamba linkatchedwa Chikala lisanakhale Kasungu. Panali lina laling'ono kuposa pamenepo la mtundu wa Namacurra, limene dziko la South Africa linapereka mu 1988, lokhala ndi mimba ziwiri zogundizana ngati mabwato awiri omangidwa pamodzi kuti lisamapendame. Msilikali uja anatenga mbale ya ndiwo ndi supuni. Ilala ndi mbale, anatero, anaipangira kusenza: matumba a usipa, chimanga, malata, anthu mazanamazana, ndipo imakhala mozama m'madzi, n'chifukwa chake pamalo ena imaima patali, anthu n'kumatsikira m'maboti ake. Boti lolondera ndi supuni. Ndi lopepuka, mphuno yakuthwa yong'amba mafunde, silimira kwambiri kotero limafika pafupi ndi gombe, ndipo gawo lalikulu la m'mimba mwake ndi injini ndi mafuta. Malo ogona ndi ochepa, chifukwa silinapangidwire kukhala panyanja sabata yathunthu. Mtengo wa liwirolo ndi dizilo, limamwa ngati mkamwini pa ukwati wa eni. Ndipo mwera ukalusa, miyezi ya Juni ndi Julayi, kupepuka komweko kumasanduka mavuto, amuna aakulu n'kumasanza.

Ineyo ndimaona kuti anthu ambiri amene amanyoza asilikali athu a panyanja ali ngati ine wa tsiku loyamba lija, amayeza ndi za m'kanema. Nyanjayi ili pakati pa maiko atatu, pena ndi yakuya pafupifupi mamita 700, ndipo bwato likatembenuka usiku chofunika ndi amene afike msanga.

Sabata yachitatu ndinachita zopusa. Amalume anali atandiletsa kuyang'ana moto wa kuwotcherera popanda chigoba, koma ine pofuna kuba luso ndinaima kumbuyo kwawo masana onse, ndikusuzumira pakati pa zala. Madzulo ndinalibe vuto. Cha m'ma 1 koloko usiku ndinadzidzimuka ngati wina wandithira mchenga wotentha m'maso. Misozi mbwee, kutsegula osatheka, kutseka osathekanso. Ndinakuwa kuti ndachita khungu.

Anyamata amene ndimawaphunzitsa pashedi yanga pano pa Dedza akachita zimenezi ndimawathamangitsira kuchipatala, koma usiku umenewo amalume anangoyatsa koloboyi n'kuitana akazi awo.

"Mayi, mwatsala kachewere m'thumba lija?"

Munatsala atatu. Azakhali anadula mapisi opyapyala n'kundiika pa zikope, akafunda n'kusintha ena. Ndinagona chagada pamphasa, fungo la dothi la kudimba kwathu lili pamphuno, kunja mafunde akumenya. Kutacha amalume anaponya chigoba chakale chosweka pangodya pambali panga, n'kunena kuti maso akapola ndikawapeze pa doko, pali chitsulo chotaya choti ndiyambirepo.