Madzulo amene psql inandibweza chimanjamanja

Kwa milungu itatu tsopano ndakhala ndikuphunzira PostgreSQL, database yosunga zinthu m'matebulo, pogwiritsa ntchito psql, pulogalamu imene munthu amalembamo malamulo pa terminal, ndipo vuto limene linandidyera madzulo athunthu linabwera mwakachetechete, popanda uthenga uliwonse wosonyeza cholakwika.

Ndinali nditapanga matebulo awiri oyeserera, lina la ophunzira 40, lina la malipiro a fizi. Ndinafuna mayina a amene sanalipire, choncho ndinalemba funso losankha ophunzira amene nambala yawo ili NOT IN, kutanthauza kuti mulibe mu, mndandanda wa manambala a m'tebulo la malipiro. Yankho linali "0 rows", chonsecho ophunzira 6 ndinawasiya dala osalipira.

Poyamba ndinakayikira semikoloni, popeza ukaiwala kuyiika psql imangosintha chizindikiro chake kuchoka pa => kupita pa -> n'kumadikira. Koma apa inali itayankha. Nditalemba \d malipiro, lamulo loonetsa mmene tebulo linapangidwira, ndinaona kuti danga la nambala ya wophunzira limalola NULL, chizindikiro chakuti palibe chimene chinalembedwapo, koma sindinaganizepo kanthu, ndipo nditaonetsa mizere yonse maso anga anadumpha mzere umodzi umene pamalo pa nambala panali poyera. Mwachibadwa psql imaonetsa NULL ngati malo opanda kanthu, ndipo munthu wotopa saona zimenezo. Zinaonekera nditalemba \pset null '???', lamulo louza psql kuti izionetsa ??? pamalo pa NULL, ndipo zizindikiro zitatu zija zinatulukira pakati pa manambala.

Chimene chinandivuta kumvetsa n'chakuti mu SQL, chinenero cholembera mafunso a database, mfundo siikhala yoona kapena yabodza basi, imathanso kukhala yosadziwika. NOT IN imayerekeza nambala ya wophunzira ndi nambala iliyonse ya pamndandanda, ndipo imafuna kuti isiyane ndi zonse. Ikafika pa NULL, database singanene ngati zikusiyana kapena ayi, chifukwa NULL ndi chinthu chosadziwika, mwina n'kukhala nambala yomweyo. Kwa amene analipira yankho linali labodza, kwa amene sanalipire linali losadziwika, ndipo WHERE, gawo la funso limene limasefa mizere, imasunga mizere yokhayo imene yankho lake ndi loona. Mzere umodzi wokha unachotsa onse 6. Ngakhale Edgar F. Codd, amene anayala maziko a ma database a matebulo mu 1970 ali ku kampani ya IBM, sanakhutire ndi NULL imodzi, moti pambuyo pake anafuna kuti pakhale zizindikiro ziwiri, china cha chinthu chosadziwika, china cha chinthu chosayenera kukhalapo. Zimenezi zinanditonthoza pang'ono.

Nditalembanso funsolo ndi NOT EXISTS, imene imangoona ngati palibe mzere wa malipiro wa wophunzirayo, mayina 6 aja anatuluka, ndipo anatulukanso nditabwerera ku NOT IN n'kuwonjezera IS NOT NULL m'funso lamkati lotenga manambala a m'tebulo la malipiro. Ine ndikuona kuti NOT EXISTS ndiyo yodalirika, chifukwa siidalira kuti ndikumbukire za NULL tsiku lililonse. Lamulo la \pset null ndaliika m'fayilo ya .psqlrc kuti lizigwira ntchito psql ikangotseguka. Nditayesa kuika lamulo la NOT NULL, loletsa NULL, pa danga lija, PostgreSQL inakana mpaka nditakonza mzere wolakwika uja, umene ndinaulowetsa ndekha mothamanga tsiku loyamba.